Mmisiri Amene Anakana Kusaina

Panali mayi wina, mmisiri wa magetsi, dzina lake Nachanza. Anapatsidwa ntchito yoika magetsi m'nyumba yogona atsikana pa sekondale ina ya kumudzi. Atsikanawo ankachita lendi m'tinyumba ta pamsika, ndipo chaka chilichonse ena ankasiya sukulu ali ndi pakati. Choncho dera lonse linkaiyembekezera nyumbayo.

Nachanza anayala mawaya mwaluso. Atayatsa, mababu onse anawala. Chinatsala ndi satifiketi, chikalata chimene mmisiri amasaina potsimikiza kuti magetsi ali bwino, anthu akhoza kulowa.

Pa chikalatacho pali funso limene ambiri amayankha za m'mutu. Limafunsa kuti, mawaya atagundana n'kuchita shoti, mphamvu imene ingakhamukire pamenepo ingachuluke bwanji? Nachanza analumikiza makina ake oyezera pa bokosi lalikulu la magetsi. Makinawo anaonetsa 0.05. Anagawa mavolti 230 a magetsi a m'nyumba ndi nambala imeneyo, napeza kuti mphamvu ya shoti ingafike maampeya 4,600. Koma mabuleka amene anaika m'bokosimo, tizipangizo tozimitsa magetsi pakachitika shoti, ankatha kudula maampeya 3,000 okha. Kupitirira pamenepo buleka ikhoza kusungunuka m'malo mozimitsa, moto n'kubuka.

Anayezanso, yankho silinasinthe. Atasuzumira kuseri kwa mpanda anaona chifukwa chake. Pamene ankagula zipangizo, thiransifoma inali kutali. Tsopano anali ataimika ina yaikulu pafupi pomwepo, yoyendetsera chigayo chatsopano. Thiransifoma ikakhala yaikulu ndiponso pafupi, mphamvu ya shoti imachuluka.

Anapita kwa mphunzitsi wamkulu, a Likongwe, nawafotokozera.

"Mayi, magetsi akuyaka kapena sakuyaka?" anafunsa a Likongwe.

"Akuyaka, aphunzitsi."

"Nanga vuto n'chiyani? Mawa makolo akubwera ndi ana awo. Ndiwabwezere kumsika kuja?"

"Akuyaka chifukwa lero palibe chalakwika. Chikalatachi chikundifunsa za tsiku limene chidzalakwike. Mawindo a nyumba ija ali ndi zitsulo, aphunzitsi, ndipo chitseko n'chimodzi."

A Likongwe sanali munthu woipa. Ankawakonda ana aja, ndipo anali atatopa ndi kudikira. Anati, "Ngati inu simusaina, amisiri ena alipo."

Nachanza sanakangane nawo. Anabwerera ku bokosi lija, nazimitsa magetsi onse. Anamasula mabuleka amene anaika ndi manja ake omwe, nawaponya m'chikwama, n'kukwera minibasi ya kutauni kukafuna ena amphamvu.

M'mawa mwake makolo anafika atasenza matiresi ndi ndowa, napeza nyumba yotseka. Anabwerera akung'ung'udza. Pamsika ena ankati, "Ntchito ya amuna mwaipereka kwa mzimayi, mumayembekezera chiyani?" Mawu amenewo anamufika Nachanza ndipo anamupweteka.

Mabuleka oyenera anavuta kupezeka. Atawapeza anabwera nawo, nawamanga, nayezanso chipinda ndi chipinda. Kenako anakhala pansi, nalemba nambala iliyonse monga anaipezera. Pomaliza anasaina dzina lake. Atsikana analowa, ndipo pa mwambo wotsegulira nyumbayo palibe anamutchula.

Patapita zaka, masana ena, mtsikana wina ankasita yunifolomu ndi ayironi ya chingwe chosupuka. Mawaya anagundana. M'bokosi munangomveka kuti tha! Magetsi anazima. Atsikana anadandaula kuti zovala zatsala zosasita. Mlonda anachotsa ayironiyo, nakweza buleka, magetsi n'kuyakanso. Pofika madzulo nkhaniyo inali itaiwalika. Mtsikana uja anamaliza sukulu yake osadziwa kuti kunja kuno kuli munthu wotchedwa Nachanza.

Tsono inu amene mukumaliza maphunziro a zamagetsi, mverani. Babu ikayaka, aliyense adzakuuzani kuti ntchito yatha, ndipo ena adzakuikirani cholembera m'manja. Musalembe nambala imene simunayeze. Amene adzagone pansi pa mawaya anu sadzawerenga satifiketi yanu, ndipo mwina sadzakuthokozani. Adzangogona, n'kudzuka ali moyo. Dzina lanu mulisainire iwowo.