Jekete ndi Anapiye

Panali munthu wina ku Bangwe amene anabwerako ku Joni ndi makina oumitsira zovala. Ankanena kuti dzuwa ndi wantchito waulesi, wobwera tsiku limene wafuna. Makinawo anali ndi kabatani kopotokola. Ukakalozetsa pa chizindikiro cha moto, zovala zinkauma msanga koma magetsi ankapita ngati madzi m'dengu. Ukakalozetsa pa katsamba kobiriwira, zinkauma mochedwa, magetsi n'kudyeka pang'ono.

Mkazi wake, Nachisale, ankaweta anapiye m'chipinda cha kuseri. Amayi awo a anapiyewo anali babu limodzi lowafunditsa.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni kunagwa chiperoni, kamvula kozizira kaja kosadziwa kuleka. Banjali linali ndi ulendo wa ku chinkhoswe ku Thyolo, koma jekete ndi thalauza za bamboyo, zochapidwa dzulo lake, zinali zikudonthabe. Nachisale anayang'ana mita. Mayunitsi anali atatsala ochepa, ndipo ogulitsa anali atamuuza kuti netiweki yavuta, abwerenso madzulo. Anapempha mwamuna wake kuti aike pa katsamba. Minibasi sizitha pa siteji, akwera yam'mbuyo.

Bamboyo anaseka. "Nachisale, ine ndi nkhoswe. Ndikafike anthu atagawana kale nkhuku? Katsambako anaikira anthu opanda kopita."

"Nanga anapiye aja, bambo a Mwatitha?"

"Ali ndi nthenga."

Anapotokolera pa moto. Ataona kuti kolala idakali yachinyezi, anabwerezanso. Jekete inatuluka yofunda ngati buledi wa m'uvuni, mwiniwake n'kuivala akuimba mluzu. Koma asanafike n'komwe pa siteji, chiperoni chinali chitainyowetsa ngati mmene inalili m'mawa. Ku Thyolo anapeza akuchikazi asanafike, nakhala pa benchi akuwadikira mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwerera anagula mayunitsi panjira. Anapeza mita itazima, nyumba ili zii. M'chipinda cha kuseri anapiye anali ataunjikana pakona pofunafuna kutentha, apansi ataphwanyidwa ndi anzawo, apamwamba ataumiratu ndi mphepo. Nachisale anatola ochepa amene ankapumabe nawaika m'chitenje pachifuwa pake. Mwamunayo analowetsa manambala mu mita, babu n'kuyaka, kuunikira utuchi wopanda kanthu.

Inu mukumva izi, kale malaya ankagona pa mpanda masiku awiri, ndipo mwiniwake sankafa nazo. Ankabwereka a mbale wake n'kupita. Lero tili ndi makina otithamangitsira zinthu, koma nthambo yolowa m'nyumba ndi imodzi. Moto umene mwaumitsira jekete mwaulanda kwa wina wa m'nyumba momwemo, kawirikawiri amene sangathe kudandaula. Musanapotokole kabatani, yambani mwasuzumira m'chipinda cha kuseri.