Kalembera Sawerenga Mitumbira

Kalekale, koma osati kale la makolo lija ayi, kale la dzanadzanali makhansala atayamba kuyenda panjinga zamoto, m'dera lina lakumudzi munali mayi wina dzina lake Nangozo. Anthu a midzi itatu ya m'deralo anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko chifukwa sankadya za eni. Tsiku lomusankhalo amayi anaimba nthungululu. Iye akanadziwa katundu amene mpandowo udzamusenzetse, akanathawira kudimba.

Nangozo ankakhala kwa Gwirize, mudzi wa m'tsinde mwa phiri, ndipo anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu, Edina, anakwatiwa ndi Lufeyo wa kwa Kanyerere, kamudzi ka tsidya la mtsinje wa Namilulu. Lufeyo atapempha chitengwa, kuti mkazi wake akakhale naye kwawo, abale anakana. Koma Nangozo anati, "Mnyamatayu ndi wolimbikira, mulekeni apite naye." Mawu amenewa anadzamuluma mumtima moyo wake wonse.

Dzinja lina Edina matenda a uchembere anamuyamba mvula ili pakati. Anamugoneka pangolo kuti athamangire naye kuchipatala cha kuboma, koma anapeza Namilulu atadzaza, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe. Ng'ombe zinakana kulowa m'madzi. Edina anaberekera pangolo pomwepo mwana wamkazi, koma magazi sanasiye, ndipo anamwalira nkhope italoza kwawo. Uthenga wa maliro anachita kuukuwa kuchokera tsidya lija. Nangozo anaima pagombe akulira, osatha kuwoloka, pamene mwana wake ankaikidwa m'manda ndi anthu ena. Madzi ataphwa anawoloka, nakagwada pamtumbira, kenako anabereka khandalo kumbuyo n'kubwera nalo kwa Gwirize, poti mwana ndi wakuchikazi. Analitcha Chatsala.

Patapita chaka ndi miyezi, khansala wa deralo, Bambo Dzimbiri, anaitanitsa komiti m'kalasi ya pasukulu. Malonjezo a khonsolo mukuwadziwa, amabwera ndi galimoto n'kubwerera ndi fumbi lake. Koma ulendo uno zinali zoona.

"Khonsolo yapeza simenti ndi malata a chipatala chaching'ono chokhala ndi mzamba," anatero khansala. "Chimodzi chokha. Akuluakulu amakonda kumanga pamene kalembera anapeza anthu ambiri, komabe osankha malo ndinu. Mukapanda kugwirizana lero, lole ya simentiyo ikhotera kudera lina. Ofuna ndi ambiri."

Woyamba kuimirira anali Zakeyo wakabaza, wa kwa Mpondamwala, mudzi waukulu wa pamsika. Chaka chathacho kolera inalowa m'mudzimo, ndipo anthu ankagoneka odwala pansi pa mtengo wa mango. Zakeyo ankanyamula odwalawo panjinga yake kupita nawo kuboma osalipiritsa, ena a iwo ochokera m'midzi ina. Ena ankafera kumsana kwake iye akupalasabe, ndipo mmodzi mwa iwo anali mwana wake wamwamuna.

"Amayi apampando," iye anatero, "kwathu tilipo ambiri, ndiye matenda akabwera timafanso ambiri. Chipatalachi kwina chipulumutsa mmodzi, kwathu chipulumutsa khumi. Kodi khumiwo mulibe nawo chisoni?"

Nangozo anagwedeza mutu. Zinali zoona.

Wachiwiri anali Chikakuda, mlongo wake wa Nangozo, wa kwa Gwirize. Anthu a kumeneko ndiwo anayamba kulira chipatala ena onse ali chete. Akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anaponda dothi, anaumba njerwa, amayi anatunga madzi mpaka makosi kuuma. Khonsolo inachedwa, mvula n'kusungunula njerwazo zisanawotchedwe. Iwo anaumbanso zina, nadula mitengo yawo yomaliza kuti awotche uvuni, ndipo nkhalamba ina inapereka munda wake kuti pakhale malo omangapo. Nkhalambayo inamwalira ikudikira.

"Achemwali," anatero Chikakuda, kuiwala za mpando, "njerwazi mwaziumba nawo ndi manja anuwo. Mukazipereka kwa anthu amene sanapondeko dothi, mawa mukaitana ntchito ya chitukuko adzabwera ndani? Komanso mwana wanu wotsala uja ali ndi pakati, ndipo mzamba wakuboma wanena kuti mwana wakhala mopingasa. Mwaika mmodzi. Mukufuna muikenso wina?"

Nangozo anagwedezanso mutu. Izinso zinali zoona.

Wachitatu sanaimirire. Anali Lufeyo, mkamwini wake uja, ndipo anagwada pafupi ndi chitseko nkhope atalozetsa kukhoma, monga mkamwini waulemu achitira pamaso pa apongozi. Kwa Kanyerere analibe njerwa, poti dothi lakumeneko ndi mchenga wokhawokha. Analibenso unyinji. Chimene anali nacho ndi ulalo wamitengo umene ankaumanga chaka ndi chaka, Namilulu n'kumautenga chaka ndi chaka. Dzinja likafika, mudziwo unkatsekeka ngati khola.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "akuti tilipo ochepa. N'zoona. Wakalembera atabwera anawerenga a m'nyumba, koma sanapite kumanda. Akanawerenga mitumbira ya amayi oyembekezera, bwenzi tili mudzi waukulu. Anzathuwa chipatala chili kutali, koma njira ilipo, mvula igwe isagwe. Ife miyezi yadzinja tilibe njira iliyonse."

Anapitiriza nkhope ili kukhoma komweko.

"Edina sanawerengedwe, anali atapita kale. Chatsala anabadwira kwathu, koma munamutenga, ndipo anamuwerengera kwanu. Sindikudandaula, mwambo ndi mwambo. Ndikungoti umu ndi mmene timacheperamo."

Abale anga, pali mawu ena olasa kuposa mkondo, ndipo woulasayo sakweza n'komwe mawu. Nangozo misozi inangoti mbwembwembwe, osaipukuta. Chatsala, amene anali kumbuyo kwa agogo ake, anadzuka n'kusuzumira munthu wogwadayo. Lufeyo anamutambasulira dzanja. Mwanayo anabisa nkhope pamsana, chifukwa bambo akewo sankawadziwa.

Khansala anati anthu aimike manja. Midzi itatuyo inali ndi mamembala ofanana m'komitimo, ndipo aliyense anaimikira kwawo. Panalibe wopambana. Lamulo la komiti linkati zikatere, dzanja la wapampando ndilo limadula mlandu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nangozo anayesa kupempha kuti achigawe, wina atenge chipinda, wina mzamba. Khansala anapukusa mutu nati chipatala si mbuzi yoti mugawane miyendo. Anayesanso kupempha sabata imodzi yoti aganize, koma khansala anangoloza panja, pamene mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kuda.

Tsono taonani pamene anaima mayiyu. Akasankha kwa Mpondamwala, apulumutsa ambiri, koma mwana wake woyembekezera uja adzakwera ngolo, ndipo a kutsidya adzapitiriza kuchepa mpaka kalembera adzaiwale njira yakumeneko. Akasankha kwa Gwirize, thukuta lalipidwa ndipo mwana wake ali pafupi ndi mzamba, koma anthu adzati mpando anaudyera kwawo, ndipo iye sadzathanso kugwada pamtumbira wa Edina. Akasankha kwa Kanyerere, palibe mayi wina adzafere pagombe paja, koma adzakhala atasiya khumi chifukwa cha mmodzi, atasiyanso mwana wamoyo chifukwa cha wakufa.

Kunja bingu linagunda chapatali. Khansala anayang'ana wotchi yake. Zakeyo anavula chipewa, Chikakuda anaweramitsa mutu, Lufeyo anali chigwadire. Nangozo anamanga bwino nsalu ya Chatsala pachifuwa, napukuta maso, nayamba kukweza dzanja lake pang'onopang'ono.

Ine ndalekera pomwepa, chifukwa dzanja limenelo landilemera. Nanga inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala Nangozo, mukanaimikira ndani: ochuluka amene amafa mochuluka, okhetsa thukuta amene pakati pawo pali mwana wanu wotsala, kapena ochepa aja amene unyinji wawo uli kumanda?