Amene Anawoloka Madzi Ali M'chiuno

Panali mayi wina, Nasibeko, amene ankakhala kutsidya kwa mtsinje. Mlatho wa kwawoko unakokoloka, ndipo dzinja linabweranso usanakonzedwe. Mng'ono wake anachirira m'mbali mwa mtsinjewo, chipatala akuchiona patsidya, ndipo mwanayo sanalire n'komwe.

Nasibeko anamema anthu kuti akadandaule za mlathowo. Anawoloka madzi ali m'chiuno, n'kuyenda akuimba mpaka ku maofesi a boma. Ena ananyamuliratu nsalu zonyowa poopa utsi wokhetsa misozi.

Koma bwana wa pamenepo anauza apolisi kuti aime patali. Anatulutsa mabenchi pamthunzi ndi ndowa za madzi akumwa, n'kumvetsera aliyense mpaka mawu anawathera. Mitima ya anthu inayamba kutsika.

Kenako anaitana Nasibeko kuti alowe yekha. Anamuyamikira, n'kumuuza kuti akhazikitsa komiti yoona za mlathowo, iyeyo ndiye akhale wapampando, ndipo galimoto izidzamutenga popita kumisonkhano. Chimene anapempha n'chakuti akauze anzake abwerere kwawo.

Mayiyo zinamusangalatsa. Chibadwire, palibe wamkulu wa boma amene anamutchulapo dzina. Koma anazindikira kuti tsiku loyamba ntchito silinatchulidwe, komanso kuti akatuluka yekha ndi mawu amenewa, anzake ayamba kumukayikira, gulu n'kumwazika.

"Bwana, mwatilandira bwino, zikomo," anatero. "Koma ine sindinawoloke ndekha. Zimene mwandiuzazi, tiyeni mukazinenere panja."

Bwanayo anaimirira n'kutuluka naye. Anthu atamufunsa kuti ntchito iyamba liti, anavomera kuti sakudziwa, koma analonjeza kudzadzionera yekha. M'mawa mwake anafikadi, anavula nsapato, anapinda buluku, n'kuwoloka atagwiridwa mkono ndi amayi awiri. Komiti anaisankha anthu eni ake, ndipo mvula yotsatira inapeza mlatho utatha.

Inu amene muli ndi udindo, mukaletsa zibonga mwachita bwino, koma mwangoyambapo. Anthu kukhala chete sindiye kuti vuto lawo latha. Nanunso amene anzanu akutumani, ulemu wa akuluakulu ulandireni ndi manja awiri. Koma akakuitanirani kuchipinda nokha, muzidzifunsa ngati zimene mukumvazo munganenenso pamaso pa amene mwawasiya panja.