Mwatitha ndi Chimeza wa Mitu Isanu

Padangokhala mudzi wina umene unkamwa pa kasupe mmodzi yekha. Lamulo lake lidali limodzi: mitengo ya katope yozinga kasupeyo isalawe nkhwangwa. Koma a Chikhasu, munthu wosakhutitsidwa, adaigwetsa yonse kuti akuze dimba lawo la anyezi. Ine ndikamukumbuka mkulu ameneyu mtima umandiwira.

Mthunzi utachoka, m'kasupemo mudatuluka Chimeza, chilombo cha mitu isanu. Chidagwada n'kumwa madzi onse mpaka matope, kenaka chidakwera phiri chimimba chili tofutofu. Mbewu zidafota, ng'ombe zidayamba kunyambita miyala, makanda ankalira popanda misozi.

Chilombo chidatumiza mawu: "Ndipatseni namwali, ndikulavulireni mtsuko umodzi." A Chikhasu sadaganize kawiri. Adagwira Ndaziona, mwana wa mlongo wawo, n'kukamupereka. Mtsuko utafika adathirira anyezi.

Ndaziona adali ndi mng'ono wake Mwatitha, mtsikana wotsimphina amene anthu ankangomukankha osamuona.

"Atsibweni, akulu anga mwawasiya kuti?"

"Kumene ndawasiyako sikufika opunduka. Choka apa."

Mwatitha adanyamuka ndi kachipanda kokhala ndi madzi ongonyowetsa lilime. Mumtsinje wouma adapeza nkhanu ili chagada, ikutsirizika. Adayang'ana kachipanda, adayang'ana nkhanu, n'kuithira madzi onsewo.

"Mwanawe, wandiombola," idatero nkhanu. "Upale mchere wa m'dambo udzaze nsengwa. Uthyolenso chala changa chachikuluchi." Atangochithyola, chalacho chidasanduka chikwakwa chakuthwa.

Atapala mcherewo, adakwera phirilo masiku atatu, kummero kuli gwaa. Pamwamba adapeza Chimeza chikuothera dzuwa.

"Ndabwerera akulu anga."

"Uyambe wamasula mwambi," udatero mutu wapakati. "Ukalephera ndikumeza. Chilape."

"Nachize."

"Chimamwa tsiku lonse koma sichithokoza."

"Dimba la atsibweni anga."

Mitu yonse idafa nacho chiseko, kukamwa kuli yasa. Pomwepo Mwatitha adawaza mchere uja m'makamwa monse. Ludzu lidayaka. Mutu uliwonse udayamba kuloza unzake kuti ndiwo ukumwa wokha madzi a m'mimba, mpaka idalumana, kuzulana malilime, kukolowolana maso. Inayi idagwa. Wachisanu Mwatitha adaudula ndi chikwakwa, n'kung'amba chimimba chija.

Madzi adakhuthuka, khuthukhuthu kutsetsereka phiri. Iye adafufuza m'matumbo monse koma mudalibe munthu.

"Akulu, muli kuti?"

Mawu adachokera m'madzi momwemo: "Ndine ndikuyendayu, mng'ono wanga. Ndidasungunuka dzulo. Wachedwa ndi tsiku limodzi."

Mwatitha adalira mosatonthozeka, akutsata mtsinjewo mpaka kumudzi. Kumeneko adamulandira ndi nthungululu, kumunyamula pamapewa, kumuveka mikanda, kumutcha mwini madzi. Adawauza za Ndaziona, koma amve ndani? Ena ankasamba, ena ankamwetsa mbuzi, a Chikhasu ali kalikiliki kukumba ngalande. Anthu ndi oipa, abale anga.

Mayi wina adatunga chikho n'kumugwadira. "Imwani, ngwazi yathu."

M'chikhomo mawu aja adanong'ona: "Imwa, Mwatitha, ungafe."

Milomo yake idali itang'ambika, lilime litatupa. Adagwira chikho ndi manja awiri, n'kumwa mpaka pansi. Ndipo chimene chidamupweteka moyo wake wonse n'chakuti madziwo adakoma.

Yanga yathera pamenepa.