Chifefe Chimene Feston Anachidzutsa

Kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma pamsika wa Bangula kuli mtengo wa nimu, ndipo pansi pake ndi pomwe Feston ankakonzerapo njinga. Manja ake anali odziwika. Njinga yobwera ikulira ngati nkhuku yogwidwa mwendo inkachoka pamenepo ikunyezimira, moti a kabaza ankamutcha wodzutsa akufa.

Bambo ake atamwalira sanasiye zambiri: dimba, mbuzi zitatu, ndi mfuti ya chifefe yomwe agogo ake anabwera nayo kuchokera ku Mozambique. Kale inkathamangitsa mvuu m'chimanga. Koma chaka chimene Shire anasefukira n'kulowa m'nyumba, mfutiyo inagona m'matope masabata angapo, ndipo ataifukula anangoipachika kudenga. Feston anailandira ili yofiira ndi dzimbiri, thabwa lake litatuwa ngati fupa.

Kunali kutatsala mwezi kuti abale asonkhane kudzaona chiliza cha malemuwo. Feston anatsimikiza mumtima kuti tsiku limenelo mfuti ya bambo ake idzalankhula kamodzi, anthu adziwe kuti amene wagona apayu anali mwamuna.

Anaigwira monga ankagwirira njinga. Anainyika m'palafini, naipala ndi sandipepa mpaka zala kusupuka. Thabwa analipaka vanishi, chitsulo anachipaka utoto wakuda womwe ankapaka mafelemu. Mkazi wake Otilia ankangoyang'ana akupeta mapira. Tsiku lina anamukumbutsa kuti manja amenewo ndiwo akudyetsa nyumba yonse, komanso kuti chinthucho chinalibe pepala la boma. Feston anaseka, nati akazi amaopa ngakhale mpope wopopera njinga.

Ntchito itatha anapita nayo kwa a Pedro, bambo ake aang'ono, omwe paunyamata wawo ankailondera nayo minda. Ankayembekezera kuyamikiridwa. Mkuluyo sanalabadire za utotowo. Anaitsegula pakati poikira chipolopolo, naloza kamwa lake kudzuwa, nasuzumira nthawi yaitali ndi diso limodzi.

“Kunjaku mwakonza bwino, mwananga,” anatero. “Nanga m'katimu mwaonamo?”

Feston anati anapisamo sipoko yokulunga kansanza, matope onse anatuluka.

“Nkhabe, ayi ndithu. Matope atuluka, koma madzi anadya chitsulo. Ipachikeni pakhoma, adzukulu aziiona. Ntchito yake inatha.”

Feston anathokoza mwaulemu, koma pobwerera anadziuza kuti ukalamba umabwera ndi mantha. Iye anali atadzutsa njinga zoola kuposa pamenepo. Chipolopolo chimodzi anachipeza kwa mlenje wina wa kudambo, nachibisa m'thumba la jekete kuti Otilia asachione.

Tsikulo linafika. Abale anachokera ku Marka ndi ku Makhuwira, abusa anapemphera, amayi anaimba. Dzuwa lili paliwombo, Feston anatulutsa mfuti m'chiguduli, ndipo anthu anazizwa ndi kukongola kwake. A Pedro anayamba kudzuka pampando, koma mawondo a nkhalamba sapikisana ndi chala cha munthu wotsimikiza. Feston analoza kumwamba, nakoka kachitsulo.

Mfutiyo inalankhuladi. Utsi utabalalika, chitsulo chinali chitang'ambika ngati bango lopondedwa ndi ng'ombe, ndipo dzanja lamanzere lomwe linachigwirizira linali magazi okhaokha. Anamunyamula pa njinga yomwe iye mwini anaikonza. Kuchipatala anapulumutsa dzanjalo, koma chala chachikulu ndi cha mkombaphala zinatsala kumeneko. Apolisi nawo anabwera ndi mafunso awo. Za chiliza palibe anakambanso. Anthu anabwerera kwawo akukamba za zala.

A Pedro anadzamuona asanapereke zotsala za mfutiyo kupolisi. Sanamudzudzule. Anangoyala zidutswazo pamphasa. Kunja utoto unali ukunyezimirabe. M'kati munali maenjemaenje ngati mtanda wodyedwa ndi chiswe, pena chitsulo chitapyapyala ngati tsamba. Feston anayang'ana osaphethira. Chimene chinamubwerera m'maganizo si bambo ake ayi, koma mafelemu ambirimbiri a njinga amene anawapaka utoto osafufuza ming'alu, omwe tsopano akunyamula amayi ndi ana pamsewu wa ku Nsanje.

Patapita miyezi iwiri anabwerera pansi pa nimu. Kukunga masipoko ndi zala zitatu n'kovuta, ndipo ntchito imene inkamutengera m'mawa umodzi tsopano imadya tsiku. A kabaza amadandaula kuti wodzutsa akufa wayamba chidodo, chifukwa asanatsegule chitini cha utoto amayamba wagogoda felemu yonse, khutu lili pachitsulo. Akamufulumizitsa sakangana nawo. Amangokweza dzanja lamanzere lija, n'kunena mofatsa zimene akuluakulu ananena kalekale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.