Ndowa ya Nankhoma pa Mjigo

Ana inu, mwambi uja wa madzi otayika ena amati ngwakalekale, ine sinditsutsa. Koma ife kwathu ku Linthipe tidaumvetsa tsiku lomwe adamwalira Levisoni, mwana mmodzi yekhayo wa mayi Nankhoma.

Levisoni adatsirizikira m'chipatala ku Lilongwe kunja kukucha. Amene ankamudwazika anali Enelesi, mwana wa mng'ono wake wa Nankhoma. Tsono Enelesi ameneyu foni sinkachoka m'manja mwake. Akaphika, chithunzi. Akalukitsa tsitsi, chithunzi. Ndiye tsikulo, misozi ili chuchuchu, zala zidangochita zomwe zidazolowera. Adaika nkhope ya Levisoni pa sitetasi ya Watsapu, pansi pake n'kulemba kuti, "Usani mumtendere achimwene."

Posakhalitsa malume ake, a Chidothi, adatulukira ali wefuwefu.

"Iwe Enelesi, ichi n'chiyani? Mlongo wanga wauzidwa ndi yani?"

"Amayi aakulu alibe foni, amalume."

"Iwo alibe. Nanga mudzi wonse ulibenso?"

Enelesi msangamsanga adayamba kufufuta chithunzicho. Pajatu kwathu maliro sauza munthu ali chiimire. Amapita akuluakulu, n'kumuyalira mphasa, amayi anzake n'kumukhalira uku ndi uku. Amayamba ndi kuti "matenda akula", mtima ukakhazikika ndiye amati "zatikanika". Nanji Nankhoma, munthu wodwala kuthamanga kwa magazi!

"Ndafufuta, amalume. Onani, chachoka."

Asanatseke pakamwa foni idalira. Anali mnzake wa kwaya. "Pepa mwali, taona pa gulupu." Wina anali atachijambula kale chithunzicho n'kuchiponya kumeneko. Idaliranso: msuweni wa ku Joni, akufunsa ngati n'zoona.

"Tiye," adatero a Chidothi. "Tikafike ife isanafike foni."

Minibasi yomwe adakwera kudzaza kwake ngati sidzanyamuka. Enelesi adakhala pampando ngati wakhalira linthumbu. Ankaimbira uyu, n'kuimbira uyo. "Chonde fufutani, mayi ake sanamve!" Aliyense yankho lake linali lomwelo: "Ine ndangotumizira mnzanga mmodzi basi." Adayesa kuimbira woyandikana nyumba ndi Nankhoma kuti awasunge m'nyumba, koma foni yake inali yothima, ili kotchajitsa kumsika.

Atatsika pa Linthipe adakwera njinga yamoto onse awiri.

"Thamangitsani, achimwene!" adatero Enelesi.

"Mukufuna maliro akhale atatu kodi?" adayankha wanjingayo.

Adafika pakhomo, chitseko chili chotseka. Mayi wina wosinja adawalozera kumunsi: "Apita ku mjigo."

Enelesi adavula masilipasi, liwiro. Ali chapatali adawaona Nankhoma atangosenza ndowa, akuseka ndi anzawo. Mtima wake udati myaa, tafika bwino. Koma kuchokera njira ya kumsika kudatulukira Nasimango, wogulitsa tomato, manja ali kumutu. Mayiyu analibe choipa mumtima. Iye ankayesa kuti nkhani ikafika pa foni ndiye kuti eni ake adamva kale.

"Mayo ine, Nankhoma! Mukutunga madzi mwana ali gone kuchipatala?"

"Mwana wa yani?"

"Nasimango, ayi!" adakuwa Enelesi. Koma foni ya Nasimango inali itafika kale pamaso pa Nankhoma.

Nankhoma kuwerenga sankadziwa, koma nkhope ya mwana wawo adaidziwa. Ndowa idagwa phofo, madzi mbwee pamchenga, eni ake n'kutsatira pansi.

Amayi adathamanga, wina kuwakupiza ndi chitenje, wina kukaitana galimoto. Enelesi adagwada m'matopemo.

"Ndinafufutatu, amalume. Ndinafufuta ine!"

A Chidothi sadakalipe. Adatola ndowa ija n'kumuikira patsogolo.

"Wola madziwa, mwana wa mlongo wanga. Ubwezere muno."

Ndipo mwana uja, mutu utasokonekera, adayesadi. Adatapa ndi manja onse awiri, koma chimene chidalowa m'ndowamo ndi matope okhaokha.

Nankhoma sadafe. Koma tsiku loika Levisoni iwo anali chigonere m'chipatala, ndipo dzanja lawo lamanja silidagwirenso khasu mpaka lero. Enelesi ndiye amawatungira madzi pa mjigo womwe uja.

Ndiye mukamamva akulu akuti madzi akatayika saoleka, mudziwe kuti sakunena za m'ndowa zokha. Chimene waponya pa foni chachoka m'manja mwako. Udzafufuta pako, koma kwa anzako chafika kale, ndipo sudziwa kuti chikagwera m'maso mwa yani. Imfa ya munthu, matenda ake, nkhope yake, kumene amagona, zonsezi zili ndi eni ake. Chala chisanadine, yamba wadzifunsa: nkhaniyi ndi yanga kodi? Nanga mwini wake wamva?