Bokosi Limene Linabwerera Lopanda Kanthu

Abale anga, m'mudzi wina wa kuchigwa munali mlimi wa thonje ndi mapira. Anali wa manja okakala ngati ife tomwe, ndipo njala ankaidziwa, pakuti ali mwana anagonerapo mizu ya m'dambo. Anthu anati, "Uyu ndi wathu, akatilankhulire ku Nyumba ya Malamulo." Anamusankha kukhala phungu.

Koma mudzi umodzi wa kutsidya kwa mtsinje sunamuvotere, ndipo iye anasunga mangawa.

Chaka china mvula inadula mbewu zisanache. Chimanga chothandiza anjala chitafika, phungu anakwera pamwamba pa lole n'kumaloza yekha oyenera kulandira. Pamzere panali mayi wamasiye wa kutsidya kuja, atabereka mdzukulu wake wotupa miyendo. Phungu ankadziwa bwino lomwe chimene kutupa kumeneko kumatanthauza. Koma anakumbukira tsiku la chisankho.

"Mayi, kwanu kuja munasankha wina. Pitani akakupatseni iyeyo."

"Bwana, mwanayu sanavote," anatero mayiyo.

Phungu anayang'ana kumbali.

Mwanayo sanakhalitse. Phungu atamva za malirowo, sanaone tchimo lake ayi, anaona mwayi. Anagula bokosi lonyezimira, nafika nalo pasiwa pamodzi ndi ojambula zithunzi. Analankhula nthawi yaitali za mmene amakondera anthu ake, uku akudikira kuti amuombere m'manja.

Mayi uja anadzuka pakati pa azimayi olira. "Bwana, bokosi lanu ndi lokongola, koma bwererani nalo. Ine ndinakupemphani chimanga."

Anthu anamukulunga mu mphasa mwanayo, nanyamuka ulendo wa kumanda. Phungu anatsala pabwalo ndi bokosi lake, wopanda ndi mmodzi yemwe womuthandiza kulikweza m'galimoto.

Tsono mverani, inu amene Mulungu wakuikani pogawa, kaya ndi kuboma, kumpingo kapena m'nyumba mwanu momwe. Chimene chili m'manja mwanucho si chanu, ndipo sanakupatseni kuti muzibwezera nacho chipongwe. Mulungu pokupatsani mpweya m'mawa uno sanayambe wafunsa ngati munamusankha. Nanga inu ndinu yani kuti muzifunsa wanjala za voti yake? Chifundo chili ndi nthawi yake, ndiyo pamene munthu akadali moyo. Chimene mwamana wamoyo, musadzapite nacho kumaliro ake. Anthu adzachikana, ndipo Mulungu sadzachilandira.